Mahatchi a Bwanamkubwa ku Peckham

Lolemba

Ndalonjeza mahatchi. Enieni, opuma, amiyendo inayi!

Dzulo pa msonkhano wa bungwe lathu la Amalawi, mayi Nyirenda, apampando athu, anadandaula kuti zisangalalo zathu chaka chilichonse n'chimodzimodzi: pemphero, kwaya, mpunga, disiko. Ine ndinangozindikira ndaimirira. Ndinati Loweruka lino kuholo ya ku Peckham tichita sewero la Zomba wa nthawi ya atsamunda. Bwanamkubwa ndi dona wake akupita kudansi ya kukalabu pa ngolo ya mahatchi, anthu akuda akuwachingamira ndi gule wa beni. Onse anaomba m'manja.

Chibwerereni ku London kuno palibe anandiomberapo m'manja. Kwathu ndinali hedimasitala, masewero anga ankadzaza holo mpaka ana kukhala m'mawindo. Kuno ndimasambitsa nkhalamba ku Romford, ndipo ina imanditcha Dorothy.

Nkhaniyi ili m'magazi. Agogo anga aamuna ankayendetsa ngolo ya mzungu ku Zomba, banja lonse limadziwa. Ndimawaona m'maganizo ali pamwamba, chipewa chachitali kumutu, chikwapu m'manja.

Zofunika:
mahatchi awiri akuda, a nthenga kumutu, aja ndimakumana nawo mumsewu popita kuntchito
Bwanamkubwa: a Gondwe, mimba ali nayo kale
dona: mayi Nyirenda, adzisankha okha
woyendetsa ngolo: ine, ndaninso?

Amake Tadala akusita yunifolomu yawo ya kuchipatala, osadzutsa n'komwe mutu: "Bambo, inu nomwe mumathawa kagalu ka aneba?"

Nsanje basi.

Lachiwiri

Nthawi ya nkhomaliro ndafufuza kumene kumachokera mahatchi aja. Ndavala tayi. Mwini wake ndi mzungu waulemu kwambiri, wolankhula motsitsa mawu. Wandigwira dzanja ndi manja awiri, wandikhazika pampando wofewa, kenako akundifunsa kuti watisiya ndani.

Kumeneku ndi kogulitsa mabokosi a maliro!

Ndafotokoza kuti palibe wamwalira, tikungofuna kusangalala. Wandionetsabe ngoloyo. Yokongola zedi, magalasi mbali zonse. Mipando ilibe. Wokwera amayenda atagona chagada. Ngolo yoyera ya maukwati ilipo, koma ma Loweruka onse anthu anatengeratu mpaka kuzizira kuyambe.

Wanditengera kukhola kuti ndiwaone mahatchiwo pafupi. Mayo ine! Mumsewu amaoneka aang'ono. Imodzi yatembenuza mutu, yandiyang'ana ngati ikundidziwa, yayetsemula. Tayi yonse nyowe. Mmene ndafikira pageti sindikukumbuka.

Ndawaimbira a Gondwe kufunsa ngati Bwanamkubwa sangalowe mumzinda atagona, ngati munthu wotopa ndi ulendo. "Aphunzitsi, ine ndili ndi BP. Mukundilosera chiyani?" Adula foni.

Palibe vuto. London ndi wamkulu, mahatchi satha.

Lachitatu

Tadala, mwana wanga, wasindikiza kale timapepala toitanira anthu pa kompyuta ya kusukulu. Pamwamba malembo akuluakulu: MAHATCHI ENIENI. Ndine ndinamuuza kuti akulitse. Mayi Nyirenda atigawa kale m'matchalitchi, ndipo akuti ena akubwera pa minibasi kuchokera ku Luton.

Ndapita kukaona holo. Ndikanayamba ndi kumeneku. Ili pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma ndi mafuta a tsitsi, ndipo pokwera pali masitepe opapatiza okhota pakati. Woyang'anira holo, bambo wa ku Ghana, waseka mpaka kutsamira khoma. Akuti ngakhale mbuzi salola. Akutinso anzathu a ku Nigeria amapemphera momwemo mpaka madzulo, tilowe akatuluka, ngati atuluke.

Ndiye tichitire panja, hatchi imodzi yokha, ngakhale yaing'ono. Ndaimbira kufamu ina ya ana ili mkati mwa mzinda. Mtsikana wake akufuna inshuwalansi, akufuna chilolezo cha khansolo, akufunsanso ngati padzakhala phokoso. Ndati ng'oma pang'ono chabe. Akuti kahatchi kawo sikakonda ng'oma, ndiponso Loweruka ndi tsiku lake lopuma.

Tsiku lopuma! Ine Loweruka limeneli ndalipeza mochita kugwadira manijala ndi kusinthana shifiti ndi Mfilipino.

Lachinayi

Ndagula khadi ya foni kuti ndimve kwa bambo kumudzi za mavalidwe a agogo. Ngakhale mahatchi avute, ine ndioneke ngati iwo.

Bambo akhosomola kaye. "Mahatchi ati iwe? Kashembe ankawasiya mahatchi? Bwana wa agogo ako anali kamzungu ka zankhalango, kanali ndi gareta ya wilo limodzi. Munthu wina kutsogolo akukoka, wina kumbuyo akukankha. Agogo ako anali wakutsogolo, poti anali ndi mpweya."

Ndafunsa za chipewa chachitali chija.

"Chipewa? Munthu analibe ndi nsapato zomwe! Bwana akuvina mukalabu, iwo ali panja pamtengo kudikira, udzudzu ukuwadya."

Khadi yatha bambo ali pakati poseka.

Nkhani ya chikwapu ija ndaiuza komiti yonse. Ndaiuzanso nkhalamba zanga za ku Romford, mpaka ina inandigwira dzanja. Zoona zake sinditulutsa, ngakhale kwa amake Tadala.

Pulani yatsopano. Kuntchito mustolo muli chikuku chakale choyendera odwala, cha nkhalamba ina inatisiya chaka chatha. Manijala wati nditenge, bola ndisabweze. Chimakokera kumanzere, koma ndi makatoni ndi penti yagolide chikhala ngolo. Dona ayenda pambali atagwira ambulera. Hatchi tipanga ya anthu awiri ofunda bulangete. M'masewero akuluakulu amateronso. Ndi luso, si umphawi.

Lachisanu

Kuchoka ku Romford kufika ku Peckham ndi chikuku chopanda munthu. Dalaivala wa basi wanditsitsira thabwa lokwerera, anthu apatuka mwaulemu, kenako onse akuyang'ana mpando wopanda kanthu. Mayi wina wandifunsa ngati sindinaiwale munthu pasiteji.

Kuyeserera. Mutu wa hatchi wapanga Tadala ndi katoni ya nsapato ndi masokosi. Ukufanana ndi fisi wodwala. Ndamuyamikira m'Chichewa, wandiyankha m'Chingerezi: "Dad, please don't tell anyone I made it."

Mchira ndi wigi yakale ya amake. Bulangete ndi lathu lomwe timafunda.

Kutsogolo kwa hatchi kuli a Mwale, mnzathu wa ku Zambia woyendetsa basi. "Mudala, osavutika, ine nizankala mutu. Ku Lusaka nenze kuvina maningi." Kumbuyo kumayenera kukhala wophunzira wina wa kuyunivesite, koma watumiza uthenga kuti amuitana kuntchito. Ndayang'ana amuna onse m'holo. Aliyense wadwala msana mwadzidzidzi.

Mayi Nyirenda: "Aphunzitsi, mahatchi munalonjeza ndinu."

Ndawerama. Ndagwira a Mwale m'chiuno. Mkati mwa bulangete muli mdima ndi fungo la nyumba yanga. Sindikuona kalikonse koma zidendene za a Mwale. Chikwapu chomwe ndinadzigulira ndekha achipereka kwa a Gondwe.

Amake Tadala akuti Loweruka apempha kuchoka msanga kuntchito. Zaka zonsezi sanapempheko ngakhale pa tsiku langa lobadwa.

Loweruka

Holo yadzaza. Minibasi ya ku Luton yafikadi, ana akufunsa pakhomo kuti mahatchi ali kuti. Anzathu a ku Nigeria ena atsalira kuti aonere nawo.

A Gondwe avala jekete yoyera, mendulo za zitsekerero za mabotolo, ufa kumaso. Akhala m'chikuku, chikuku chalira. Chingwe achimanga m'chiuno mwanga poti ndine ndayandikira ngolo. Izi dzulo sitinaganizire: a Mwale anyamula katoni ya nsapato, ine ndanyamula a Gondwe.

Talowa. Kuseka kwayambira pakhomo pomwe. Ndikudziuza kuti ndi kuseka kwa anthu ozindikira luso.

Kenako ng'oma za beni zayamba. A Mwale! Mutu wa hatchi wayamba kudula chiuno. Ndikunong'oneza kuti mudala, tiyeni molunjika. Sakumva. Alumpha kamodzi, manja anga aphonya, iwo ulendo pakati pa bwalo ndi bulangete lonse.

Ndatsala poyera. Wowerama, kabudula wakuda, wigi ya mkazi wanga ikulendewera kumbuyo, chingwe m'chiuno. Ndiye kumbuyo kwamveka mawu: "Sir! Ndi Sir amenewo!" Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa fomu thuu, tsopano ndi dokotala ku Lewisham, wakwera pampando ndi kamera.

Kuthawa n'kosatheka, ndamangidwa. Ndakoka basi. Chingwe chikudula m'mimba, thukuta m'maso, ndipo pakati pa phokoso lonselo ndikuganiza za agogo pa zitunda za ku Zomba, opanda nsapato. Kuseka kwandithera. A Gondwe, sewero litawalowa m'mutu, akweza chikwapu: "Fulumira, boyi!"

Chikuku chija chimakokera kumanzere, aliyense akudziwa. Kumanzereko kunali tebulo la zakudya. Ngati ndi wilo linakhota kapena ndi ine, sindinganene. Bwanamkubwa walowa chamutu m'beseni la mandasi, miyendo m'mwamba, dona akukuwa ndi ambulera yake. Holo yaphulika! Amayi akululuta, ena akuvina mondizungulira, akundisomeka ndalama m'chingwe. Amake Tadala akhala pansi penipeni, misozi mbwembwembwe, akulephera kupuma.

M'manja andiombera, kuposa tsiku la msonkhano lija. Ndinali ndisanamasule mchira.

Lamulungu

Msana wauma ngati thabwa. Masokosi andiveka ndi amake Tadala, akuyesetsa kuti asaseke, akulephera. Bulangete labwera lili ndi mafuta a mandasi. A Gondwe sakuyankha foni, koma akazi awo akuti ali bwino, akungonunkha mafuta ophikira.

Kutchalitchi ndalowa mochedwa dala. Sizinathandize. Ana akulira ngati hatchi ndikamadutsa. Mkulu wa mpingo wandipatsa moni, maso ali kumbuyo kwanga. Dokotala uja akuti zithunzi atumiza kwa anzake onse a fomu thuu, kulikonse kumene ali padziko lapansi.

Titaweruka, amayi abusa andikokera pambali. Akuti mphatso ngati yanga si yokwirira pansi. Pa Khrisimasi ana a Sande sukulu achita sewero la kubadwa kwa Ambuye, ndipo Mariya alibe bulu.

Ndayang'ana kumwamba, kudenga kulibe yankho. Ndavomera. Koma ndanenetsa kuti ulendo uno ndikhala kutsogolo.

Akuti akambirana kaye ndi komiti.