Ndowa za Bambo Zawoloka Malire

Lolemba

Tchuthi chayamba! Chaka choyamba cha digiri ya zamalonda a pakati pa mayiko ndathana nacho, mutu wadzaza mpaka m'makutu. Bambo, amene anayamba kukhoma ndowa ndi mbaula pamsika wa Ndirande ine ndisanabadwe, akuti mawa ndikagwire nyundo. Ine? Ndi manja olembera mayesowa? Ndawauza kuti bizinesi yawo sikusowa manja, ikusowa msika. Nkhondo ku Mozambique inatha, anthu abwerera kwawo, nyumba iliyonse ikufuna ndowa. Tapangana mayi akumva: ndikapeza wogula mmodzi wakunja Lamulungu lisanafike, nyundo sindiyikhudza, ndikhala manijala. Ndikalephera, tchuthi chonse ndili pamalata. Bambo angoti, "Tiona." Aonadi!

Lachiwiri

Mwayi umatsata ophunzira! Malume a Zuze, mlongo wawo wa mayi wa ku Milanje, ku Mozambique, amene anabwera kudzaonana ndi madokotala, akubwerera lero. Buku lathu limati polowa msika watsopano upeze nthumwi ya komweko. Nthumwi ndi imeneyi, yakhala ikugona pabalaza pathu milungu iwiri! Ndawapatsa zoti akaonetse anthu:

- ndowa ziwiri
- mbaula imodzi
- sefa
- pepala la mitengo yake, lolembedwa ndi inki yofiira

Ndawafotokozera ndondomeko yonse kuchokera pakhomo mpaka kudepoti. Iwo misozi ili lengelenge: "Mphwanga, wakula ndithu." Ndikukhulupirira sanamvepo nkhani ya malonda yoyalidwa bwino chonchi.

Lachitatu

Pofika pano katundu wawoloka malire pa Muloza. Ndavala tayi kukayendera fakitale yathu, ndiye kuti shedi ya bambo. Anzawo aseka mpaka wina wadzimenya chala ndi nyundo. Nsanje basi! Ndakonza chikwangwani: Blantyre, Milanje, Maputo. Bambo achikonda kwambiri, atchingira dzuwa.

Lachinayi

Zii. Sindikudabwa, misika ikuluikulu siyankha mopupuluma. Mayi akufunsa ngati malume anamvetsadi kuti zija n'zogulitsa. Akuti, "Chinthu ukapatsa malume ako m'manja, pakhomo pano, udziwe kuti chapita." Mayi ku koleji sanafikeko. Ndawakhululukira.

Lachisanu

Msika wayankha! Pakhonde pali anthu asanu ndi awiri ochokera ku Milanje, malume patsogolo. Abweretsa:

- nkhuku ziwiri
- thumba la nandolo
- makaka
- nzimbe, mtolo wonse

Ndathamangira tayi. Malume aimirira, avula chipewa: abale onse akuthokoza chifukwa cha mphatso. Mphatso! Ndowa imodzi ili kwa azakhali awo, ina ikutungira madzi kutchalitchi. Pepala la mitengo anapichirira fodya, akuti ndi pepala labwino zedi. Koma tiyeni tione bwino: katundu wafika, anthu amukonda, abwera okha mpaka kufakitale. Mnzanga uti wa m'kalasi amene wachitapo zotere?

Loweruka

Ndagona kukhitchini, pabedi langa pali akuluakulu awiri. M'mawa alendo atula chimene abwerera: kupatsa nyumba ina n'kudumpha ina ndi kudanitsa abale. Anditchulira mayina mmodzimmodzi. Nyumba khumi ndi imodzi, iliyonse ikudikira ndowa kuchokera kwa "mwana wathu wa ku yunivesite". Ndatsegula pakamwa kuti nditchule mtengo, mayi andiponda phazi mpaka ndakhosomola.

Komabe maoda ndi maoda! Ndathamangira kumsika kukauza bambo: khumi ndi limodzi, onse akunja, sabata imodzi yokha! Osasiya n'kukhoma komwe, afunsa, "Wogula ndi uti pamenepo?" Ndati zimenezo ndi za chaka chachiwiri, sitinaphunzire.

Lamulungu

Bambo agamula titamaliza nkhuku yachiwiri. Mbale sabwerera chimanjamanja, ndowa zonse zipita, malata apereka iwo. Koma akuti, "Msika wautsegula ndiwe, uudyetse wekha." Zonse khumi ndi imodzi ndikhome ine, ndipo alendo sachoka mpaka yomaliza itathiridwa madzi osadontha. Bambo imodzi amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Ine akuti mwina masiku atatu, zala zikapirira.

Ndagonja. Mawa mamawa ndili kushedi. Malume andisisita paphewa, akuti ndisadzipanikize, ndikhome mofatsa, iwo kumunda anakolola kale. Mlendo mmodzi wabwereka cholembera changa chofiira, akulemba kalata yoitana akazi ake ndi ana.