Jekete la a Yotamu, Goloboyi wa Ziphaliwali

M'dziko lina limene silioneka pa mapu, kuseri kwa phiri limene mabasi amangolilambalala, kuli mudzi wa anthu aulemu kwambiri. Kumeneko munthu akakupondani phazi mumapepesa ndinu, chifukwa choika phazi panjira. M'mudzi umenewu ndi mmene munabadwira timu ya mpira ya Ziphaliwali za Kudambo, ndipo mbiri yake ndailemba ine poti eni ake ali pamsonkhano.

Timuyi inayamba chaka china mvula itachedwa. Anyamata atasowa cholima anakulunga majumbo ndi luzi n'kupanga chikulunga, anazika nsungwi zinayi padambo, basi timu yabadwa. Dzina la Ziphaliwali analisankha asanaone mmene amathamangira. Masewero awo oyamba anagonja ndi zigoli khumi ndi chimodzi kwa duu, pomwe adani awo, a kutsidya kwa mtsinje, anabwera asanu ndi anayi okha, mmodzi ataledzera.

Pa zigoli zimenezo, zinayi anamwetsa ndi Lameki Chipojola, wotchinga kumbuyo wa Ziphaliwali zomwezo. Lameki anali ndi mwendo wamphamvu, koma mwendowo sunkafunsa kuti golo lathu ndi liti. Aliyense anaona kuti vuto ndi iyeyo. Nanga akanamuuza ndani? M'mudzimo kuuza munthu kuti sadziwa kanthu n'chimodzimodzi kumutukwanira mayi ake. Anakambirana masiku atatu mpaka nzeru inapezeka: munthuyu tisamuchotse, timukweze. Anamugulira jekete lobiriwira pakaunjika, anamuikira mpando pansi pa mkuyu, n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndi a Wapampando. Loweruka lotsatira Ziphaliwali zinagonja ndi zigoli zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo mudzi wonse unavina.

Mwambo unayambira pomwepo. Wina ankathawa mpira ukamabwera m'mwamba, poopa kuwononga seda. Anamukweza kukhala Mlembi Wamkulu. Wina ankatha mpweya asanafike pakati pa bwalo. Anamupatsa udindo wa Mkulu Woona za Mpweya wa mu Mpira. Kunabwera Mlangizi Wapadera pa Nkhani za Mbuzi Zolowa m'Bwalo, kunabweranso Kazembe wa Timu ku Midzi ya Kutsidya, amene sanawolokepo mtsinje chifukwa ankaopa madzi. Aliyense ankalandira jekete lobiriwira ndi malo pamthunzi. Dzina lake m'kaundula wa osewera silinkafufutidwa, poti kufufuta dzina la munthu wamoyo n'kumulosera maliro. A Chipojola ankati mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu inachulukadi, ngakhale denga panalibe.

Chodabwitsa n'choti timu inayamba kukwera. Wosadziwa mpira akangopita pamthunzi, m'bwalo munkalowa wodziwa. Ziphaliwali zinapata nkhuku, kenako mbuzi, kenako mpira weniweni wachikopa. Zinagula jombo zokwanira miyendo khumi ndi isanu, yotsalayo inkadikira nthawi yake. Midzi yoyandikana inayamba kutumiza anthu kudzaphunzira chinsinsi, ndipo a Chipojola ankawalozera mipando ya pansi pa mkuyu n'kunena kuti chitukuko ndi utsogoleri.

Mwa onse amene anakulunga chikulunga choyamba chija, mmodzi yekha ndiye anali adakali m'bwalo: goloboyi Yotamu Chimbalanga. Tsoka la a Yotamu linali loti ankaudziwa mpira. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anagwira, anadumpha, anameza fumbi, ndipo palibe tsiku limene anapatsa komiti chifukwa chowakwezera. Anzawo obadwa nawo chaka chimodzi anali atamera mimba pamthunzi. Iwo, ndi imvi kumutu, ankatchedwabe "anyamata athu". Pamaliro anzawo ankapatsidwa mipando, iwo ankapatsidwa khasu. Zinkawapweteka, ndipo ine sindiwaseka pamenepo.

Amene zinkawapweteka koposa anali akazi awo, Nankhoma. Mwana wawo woyamba, Tiyanjane, anali atapeza banja, ndipo chinkhoswe chinali pafupi.

"Bambo a Tiya," anatero m'mawa wina akuwachapira kabudula wapagolo, "akuchimuna akadzabwera ndidzawauza kuti chiyani? Kuti bambo a mwana ndi awo akugubuduzika m'fumbiwo?"

"Nanga nditani, mayi? Mpira ukubwera, ndiusiye?"

"Eya, muusiye! Anzanu anausiya kalekale, lero akudya chiwindi cha mbuzi imene mwagwirira ndinu. Ine pachinkhoswe ndikufuna mwamuna wa jekete."

A Yotamu anayesa. Mulungu ndi mboni, anayesa. Ankalowa m'bwalo atatsimikiza mtima kuti lero chigoli chilowa, koma mpira ukangonyamuka manja ankapita okha. Tsiku lina anadumphira dala kumanzere mpira ukupita kumanja, phazi lawo n'kuutchinga. Anthu anawanyamula m'mwamba akuimba, iwo misozi ili m'maso.

Chaka chimenecho munthu wina wofuna mavoti anaika chikho choti midzi yonse ya m'deralo ilimbirane. Ziphaliwali zinathyola aliyense mpaka kufika m'ndime yachiwiri kwa yomaliza. Tsikulo zikutsogola ndi zigoli zinayi, mphindi zitatsala pang'ono, mdani wina anamenya kampira kofooka, koti ngakhale nkhuku ikanakaimitsa. A Yotamu anapisa manja m'kabudula, anatsinzina, n'kuyamba kuganiza za nkhope ya Nankhoma. Kampirako kanadutsa pakati pa miyendo yawo mwaulemu, n'kukagona m'golo.

Pansi pa mkuyu a Chipojola anaimirira pang'onopang'ono.

"Mwaona, akuluakulu?" anatero. "Munthu uja wakhwima. Zizindikiro za utsogoleri zayamba kuoneka."

Lachitatu lake a Yotamu anavekedwa jekete lobiriwira n'kulengezedwa kuti ndi Wachiwiri kwa Wachiwiri kwa Mkulu Woona za Mthunzi. Linali lalifupi manja, koma Nankhoma analisita katatu ndi simbi yamakala, n'kuzungulira nalo mudzi wonse ngati akufunafuna pomwe pali dzuwa loliyanika. A Yotamu anayamba kuyenda manja ali kumbuyo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo panalibe wokumbukira miyambi.

Ndime yomaliza inali Loweruka, pabwalo lalikulu la pamsika wa kutali, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka linalo. M'mawa wa tsiku la mpiralo lole inafika. Komiti inakwera motsata maudindo: a Wapampando kutsogolo, achiwiri awo atatu pambali, alangizi, akazembe, aneneri a timu, mpaka a Yotamu amene anakhala pa tayala lapadera kumapeto. Kenako anakweza mipando, poti mtsogoleri sangakaime padzuwa kwa eni. Atatha, dalaivala anati ngakhale singano silowa. Pansi panatsala anthu khumi ndi mmodzi atanyamula thumba la yunifolomu.

Komiti inachita msonkhano wadzidzidzi ili m'lole momwemo. Inagwirizana kuti osewera, pokhala anthu ozolowera kuthamanga, atsatire wapansi, ndipo ulendowo ukhale wotenthetsa thupi.

"Musachedwe, anyamata," anatero a Chipojola lole ikunyamuka. "Mbiri ya mudzi ili m'manja mwanu."

Mtunda unali wa maola asanu ndi limodzi. Nthawi ya masewero itakwana, bwalo litadzaza, adani atavala zofiira akudumphadumpha, Ziphaliwali zinali zisanaoneke ngakhale fumbi lake. Woimbira mpira anabwera pamene panakhala komiti, wenzulo ili m'kamwa.

"Timu yanu ili kuti, bwana?"

"Timu ndi ino," anayankha a Chipojola. "Amene achedwa ndi osewera chabe."

"Mphindi khumi. Anthu khumi ndi mmodzi olembedwa m'kaundula alowe, apo ayi chikho chapita."

Mlembi Wamkulu anatsegula kaundula, ndipo taonani, maina onse a komiti anali momwemo, kuyambira a Chipojola pamzere woyamba. Yunifolomu inali kumsewu, koma woimbira anaona kuti majekete onse ndi amtundu umodzi, n'kuvomera. Walira mvula walira matope. Akuluakulu khumi anapinda mathalauza, ndipo maso onse anatembenukira kwa Wachiwiri kwa Wachiwiri kwa Mkulu Woona za Mthunzi.

"A Chimbalanga," anatero a Chipojola, "mungotiimirira pagolopo. Mwaulemu wake, monga mtsogoleri."

A Yotamu anayenda kupita pagolo. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wa jekete sadumpha. Kuseri kwa golo kunali Nankhoma, amene anabwera pa kabaza kudzaona mwamuna wake atakhala pampando pagulu.

"Bambo a Tiya!" anakuwa. "Musadumphe! Ndalisita ndekha limenelo!"

Mpira unayamba. Akuluakulu khumi aja anathamanga mphindi ziwiri, kenako onse anabwerera kumbuyo n'kuima mondondozana patsogolo pa golo, manja m'chiuno, akupuma ngati mvukuto. Sanachite kupangana, kumeneko n'kumene kunali kamthunzi ka mtengo wa bulugamu. Koma mimba khumi za zaka makumi awiri za chiwindi si chinthu chapafupi kuchidutsa. Adani ankamenya, mpira unkagunda Kazembe n'kubwerera. Ankamenyanso, unkagunda Mlangizi wa za Mbuzi, amene ankagwa n'kupempha kuti zilembedwe.

Mpira woyamba kudutsa mpandawo unabwera chamumwamba, kukona. A Yotamu anauyang'ana. Anakumbukira khasu la pamaliro, anakumbukira akuchimuna, anauza manja awo kuti khalani pansi. Atatsegula maso anapezeka ali m'fumbi, mpira uli pachifuwa, batani limodzi likugubuduka.

"Mayo ine!" analira Nankhoma, bwalo lonse likuphulika ndi chimwemwe.

Kuyambira pamenepo munthu wamkulu anaiwala zonse. Anadumpha kumanja, msoko wa kukhwapa unathetheka. Anadumpha kumanzere, thumba la jekete linatsala pa nsungwi ya golo. A Chipojola, mwendo wawo wakale utawakumbuka, anatembenuka n'kuumenya mwamphamvu kulunjika golo lawo lomwe, ndipo a Yotamu anaugwiranso umenewo, dzanja la jekete likulendewera. Nankhoma anasiya kukuwa, anangokhala pansi n'kufunda chitenje kumutu. Mphindi makumi asanu ndi anayi zinatha opanda chigoli.

Anapita kumapenate. Komiti inamenya motsata maudindo. A Wapampando anaponya mpira pamsika wa tomato. Wachiwiri wawo anamenya nthaka. Wachitatu anaphonya mpira weniweniwo n'kutaya nsapato, wachinayi anapempha kuti nkhaniyi ipite kukomiti yaing'ono, woimbira atakana anaupereka mpirawo m'manja mwa goloboyi wa adani. Mbali inayo a Yotamu anagwira mapenate onse asanu. Itatsala penate yomaliza, akuluakulu otsalawo anali atagona chagada, choncho anakamenya okha a Yotamu, atavala kolala ndi dzanja limodzi la jekete. Mpira unalowa.

Osewera anafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, n'kupeza a Chipojola akujambulitsa ndi chikho. Anauzidwa kuti ayambepo kubwerera kusanade.

Lachiwiri komiti inakumana pansi pa mkuyu, chikho chili pampando wakewake. Mfundo yoyamba inadutsa mosavuta. Zaka makumi awiri ndi ziwiri osewera anabweretsa nkhuku ndi mbuzi basi, koma komiti itangolowa m'bwalo kamodzi inabweretsa chikho. Zinaonekeratu kuti chimene chinkachedwetsa timu ndi osewera, ndipo onse anathokozedwa n'kumasulidwa kuti akathandize kumunda. Uku sikunali kuchotsa munthu, anafotokoza Mlembi Wamkulu, kunali kukonzanso timu.

Kenako anaitana a Yotamu. Anabwera atanyamula zotsala za jekete m'jumbo, mtima uli m'mwamba, poti Nankhoma anali atawauza kuti munthu wobweretsa chikho sangalephere kupatsidwa latsopano chinkhoswe chisanafike.

"A Chimbalanga," anayamba a Chipojola mwachifundo, "tonse tinaona zimene munachita Loweruka. Anthu a midzi khumi anaona. Ife tinakukhulupirirani, tinayesa mwasintha."

"Bwana Wapampando, chikhotu ndi icho."

"Chikho n'cha komiti, chimenecho musachikhudze. Nkhani ndi ya inu. Tafufuza mbiri yonse ya timu ino, ndipo sitinapeze munthu wa khalidwe lanu atakhalapo pamthunzi uno. Inu mpira mumaudziwa, achimwene. Mwagwidwa poyera."

A Yotamu anasuzumira m'jumbo muja. Mkulu Woona za Mthunzi anawachotsera mpando mwaulemu, n'kuwapempha kuti asunthire padzuwa pamene pankaima osewera anzawo.

Pachinkhoswe anavala malaya oyera obwereka. Akuchimuna atafika, mkulu wawo anawagwira dzanja ndi manja awiri, nati ndi mwayi waukulu kulowa m'banja la goloboyi uja wa Loweruka. Kenako anayang'anayang'ana n'kufunsa kuti nanga akuluakulu a pakhomo pano, oti tikambe nawo, ali kuti. Anamulozera kwa a Chipojola, amene anali atakhala kale kutsogolo ndi mbale ya chiwindi.

Lero Ziphaliwali za Kudambo zili ndi atsogoleri makumi anayi, onse a majekete, ndipo zimakumana Loweruka lililonse mosaphonya. Pabwalo paja anthu anadzalapo chinangwa. Chichokereni a Yotamu ndi anzawo, timuyi sinagonjepo ngakhale kamodzi.