Mfuti ya Apongozi ndi Thabwa la Malaina

Anzanga, musandiseke, kapena sekani basi, poti nanenso ndikamakumbuka ndimadziseka. Ine ndine mkamwini ku Bwanje, ndipo apongozi anga aamuna ali ndi mfuti yakalekale, ya chiphaso chake, yoopsezera anyani kumunda wa chimanga. Mfuti imeneyo amaikonda kuposa ana awo ena, ngakhale mkazi wanga amene sanaikhudzepo. Ndiye tsiku lomwe ankapita kumaliro ku Mlangeni n'kundiuza kuti, "Bambo a Chisomo, muziyang'anira munda, mfuti nayi," ine ndinailandira msangamsanga. Ndinati eya, tsopano pamudzi pano ndayamba kuwerengedwa ngati munthu!

Mawa lake lomwelo ndinaitsamiritsa pa ngolo kuti nditole matumba. Ng'ombe zinangosuntha pang'ono, ndinangomva kuti thyo! Teyala laponda chithabwa chija chimakhala kunsi kwa mpope wa mfuti, pomwe dzanja lamanzere limagwira, chang'aluka pakati. Mayo ine! Ndinazungulira ngoloyo ngati nkhuku yofuna poikira dzira.

Chakudya sichinalowe. Ndikakhala pansi ndinkadzukanso, ndikalowa m'nyumba ndinkatulukanso. Ndinaimbira mnzanga wina wa ku Lilongwe kuti andifunsire chogwirira chenichenicho, mtengo umene anandiuza ndinangodula foni osatsanzika. Ndigulitse mbuzi chifukwa cha kathabwa? Mkazi wanga anati, "Bambo, ingodikirani abwere muwauze zoona." Ine ndinamuyankha mwaukali kuti nkhani za mfuti n'za amuna. Mukuona kupusa kwake?

Ndinakulunga zidutswazo m'chitenje, n'kupalasa njinga mpaka ku Sharpevale kwa mmisiri wina wosema mipini ya makasu. Anazitembenuza uku ndi uku nati, "Achimwene, apa pafunika mlombwa wouma, koma mudikire, komanso ngodulirapo. Malaina alipo, tadula dzulo, ngotsika mtengo koma ngaawisi, akauma afota." Ine mawu amene ndinamva ndi akuti otsika mtengo okhawo. Ndinati, "Semani malainawo bwana, lero lomwe!"

Chinthu chinatuluka choyera mbuu, pomwe mfuti yonse ndi yofiirira. Ndiye nzeru zinandibwerera, ndinagula polishi wofiira wopaka pansi uja, n'kuchipaka mosaumira. Kufika kunyumba, bowo la bawuti silikugwirizana ndi la mfuti. Kodi ndinabwerera m'mbuyo? Ayi ndithu! Ndinathira guluu womatira chubu cha njinga, n'kuchikanikiza ndi mwala, n'kuipachika mfutiyo m'nyumba ya malata, ndi kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ndinkangopita kukaisuzumira pafupipafupi ngati wodwala.

Patapita masiku angapo apongozi anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo asanamwe ndi madzi omwe kunamveka kukuwa kuti anyani alowa m'chimanga. "Bambo a Chisomo, mfuti!" Ndinawapatsa ndi manja awiri nditanjuta, maso kumbali. Tonse thamangu kumunda, apongozi aakazi, alamu anga, ngakhalenso anthu oyandikana nawo, ine ndili pambuyo ndikupemphera chamumtima kuti anyaniwo athawe okha.

Sanathawe. Chinyani chachikulu chinakhala pachulu chikusenda chimanga mosatekeseka. Apongozi anakweza mfuti kuti aloze kumwamba, basi thabwa langa lija, litafota ndi kutentha, linangovuka n'kutsala m'dzanja lawo, mpope n'kugwadira pansi. Mwamwayi anali asanaike chipolopolo. Anayang'ana dzanja, lili psuu! Mosaganiza anapukuta nalo thukuta, chipumi chonse mpaka m'ndevu psuu! Apongozi aakazi anakuwa, "Mayoo, avulala! Magazi!" Alamu anga atanunkhiza anati, "Amayi, magazi ake akununkha polishi."

Anthu anagwa nacho chiseko, ena mpaka kukhala pansi. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Apongozi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analiyang'ana thabwalo nthawi yaitali, n'kufunsa mofatsa, "Bambo a Chisomo, mpini uwu ngosemedwa bwino. Nanga khasu lake mwasiya kuti?" Ndinayamba kuchita chibwibwi za ngolo, za ng'ombe, za malaina. Iwo anangoti, "Chabwino. Mfuti ipita kukakonzedwa kwa odziwa. Koma anyani sadikira, ndiye kufikira tikolole, mfuti ya pamudzi pano ndinuyo."

Ndikunena pano, m'mawa uliwonse ndimakwera pansanja pakati pa munda, bambo wa ana, ndevu pepeya, n'kumakuwa kuti "Phuu! Phuu!" kwinaku ndikumenya chitini. Anyani anandizolowera, amangondiyang'ana akutafuna. Alamu anga akandiona amafunsa ngati zipolopolo zilipo zokwanira kukhosiku. Ndalumbira anzanga, chinthu cha apongozi sindidzachikonzanso mobisa, ndipo wina akadzandiuzanso kuti "ichi n'chotsika mtengo," ndidzayamba ndamvetsera mawu otsatirawo.