Tsiku limene ndinatulutsa mpingo wonse m'tchalitchi ku Likoswe

Mpaka lero ku Likoswe kuli azimayi amene akandiona amabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Sindiwadandaula.

Ndinali nditangomaliza maphunziro a ogwira ntchito m'ndege. Aphunzitsi athu ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti maso, makutu ndi mphuno sizipita ku tchuthi: ukalowa paliponse werenga zitseko, ona amene angavutike kuthawa, ndipo ukamva fungo la utsi usadikire wina. (Ndinakhoza bwino kuposa onse, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense wadziwa.)

Lamlungu lina bwenzi langa linanditengera kwawo kuti amayi ake akandione koyamba. Iwo ndi Akatolika enieni, pomwe ine ndinakulira mumpingo wosafukiza kanthu. Titalowa ku Misa ndinawerenga zitseko: zitatu, chimodzi chotchingidwa ndi benchi. Ndinakhala chakumapeto, amayiwo ali pambali panga.

Kwaya ili mkati moimba, mphuno yanga inagwira kanthu. Kenako ndinaona utsi ukufuka kuseri kwa chipilala chakutsogolo, koma palibe amene ankatekeseka. Ndinati eya, n'zimene ankanena aphunzitsi zija, pagulu aliyense amadikira mnzake.

Ndinalumphira pakanjira kapakati n'kutulutsa mawu onse amene ndinali nawo: "Moto! Siyani katundu, tulukirani uku!"

Tsoka lake anthu anandimvera. Kwaya inathawa ndi ng'oma zomwe. Ndinakankha benchi ija n'kutsegula chitseko, ndinalanda amayi a bwenzi langa chikwama n'kuchiponya pansi (katundu amachedwetsa), kenako ndinawakankhira panja ndi manja awiri monga tinkachitira ndi chidole chophunzirira.

Nditabwerera kukaona ngati kwatsala munthu, ndinapeza ansembe ataima okha kuguwa, kachitsulo ka lubani kakulendewera pa tcheni m'manja mwawo.

"Mwana wanga," anatero mofatsa, "utsiwu ndi wathu."

 Masana amayi aja anangofunsa mwana wawo ngati m'ndege monse amalembamo anthu otere. Atapukuta fumbi pachikwama chija anawonjezera kuti chabwino, bola adzukulu awo sadzapsera m'nyumba.

Ndinaphunzira kuti kwa eni ake umayamba wafunsa usanakuwe. Ukwati unachitika ndithu, ndipo anadalitsa ndi ansembe omwewo. Asanathire lubani pamakala anaima kaye n'kundiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu kuti angathe kupitiriza.