A Nkhongo Sankatembenuka

Aphunzitsi a masamu a kalasi ya akuluakulu, ija imakumana masana ana akaweruka, anaphunzitsa zaka makumi awiri osatembenukako. Ankalowa chammbali ngati nkhanu n'kulunjika pa bolodi. Dzanja lamanja linkalemba, lamanzere likufufuta pambuyo, moti wochedwa kusongola pensulo ankapeza phunziro lonse lapita. N'chifukwa chake ankatchedwa a Nkhongo. Ophunzira ankaidziwa nkhongoyo ngati njira ya kwawo: makwinya atatu, kachipsera kumanzere, ndi kolala yoperepeseka.

Panalibe ankawakonda, koma amene ankadana nawo kwambiri anali mayi wina wochapa nsalu kuchipatala. Mayiyu anabwerera kusukulu imvi zitayamba, chifukwa abwana ake ananena kuti aliyense wopanda satifiketi pakutha pa chaka aone msana wa njira. Chinkamutsekereza ndi masamu, makamaka aja a nambala ina pamwamba ina pansi.

Tsiku lina anakweza dzanja. Linakhala m'mwamba mpaka kuchita dzanzi, poti akanaliona ndani? Ndiye anapempha ndi pakamwa kuti abwerezeko pang'ono.

"Mayi a sopo inu," anatero a Nkhongo akuyankhula ndi bolodi, "mukamachapa nsalu mumaifotokozera chifukwa chake? Koperani."

A Nkhongo ankawadziwa anthu onse choncho, osawaona: a telala ndi chifuwa chawo, a mlonda ndi mkonono, mayiyu ndi fungo la sopo. Makope ankabwerako atafiira ngati nsalu za kuchipinda cha opaleshoni. M'kope la mayiyu munalembedwa mawu atatu okha: "Ana asaone izi."

Apa mpamene mayi analemba kalata yodandaula. Zofuna zake sizinali zakumwamba ayi: aphunzitsi azitembenuka, azifotokoza asanafufute, azilola mafunso, asiye kutukwana ndi inki yofiira. Anasaina anthu onse 24. Ahedi, amene nawonso anakulira pa nkhongo yomweyo, anaigwira kalatayo ngati khala lamoto n'kukaisiya m'manja mwa a Nkhongo eni ake.

Mawa lake a Nkhongo anailemba yonse pa bolodi, nauza kalasi kuti ikopere. Atatha anati amene anasaina akhosomole kuti awamve. Anakhosomola asanu ndi mmodzi okha, ndipo mmodzi wa iwo anali a telala, amene sakanachitira mwina. Choko chinayambanso kulira: "Anthu 24 asaina kalata. Asanu ndi mmodzi avomera. Amantha ndi gawo lanji la kalasi?"

Mayi anacheuka mtima ukuwira. Anawaona onse akubisa nkhope m'makope, anthu omwewo amene dzulo ankalumbira kuti afera limodzi. Anawawerenga m'mutu, kuwaunjika asanu ndi mmodzi, asanu ndi mmodzi, ngati milu ya zochapa. Milu inayi, itatu yonunkha.

"Magawo atatu mwa anayi," anatero. "Ndipo mayina awo ndikuwadziwa."

Choko chinaima, koyamba m'mbiri ya chipindacho.

"Kani mutu ulipo," anatero a Nkhongo. "Umangofuna kuukwiyitsa."

Kuyambira pamenepo mayi sanaonenso mtendere. Samu iliyonse inali ya iye. Wochapa wina waulesi wachapa gawo limodzi mwa magawo asanu a mabulangete 50, odwala angati agone pamphepo? Wochapa yemweyo wachotsedwa ntchito chaka chitatha magawo awiri mwa atatu, akhala pakhomo miyezi ingati? Kalasi inkaseka, mayi ankakukuta mano, ndipo samu zonse ankazikhoza chifukwa cha mkwiyo basi.

Mayeso anakhoza, ntchito inapulumuka. Sabata yonse anakonza mawu oti akawalalatire nawo a Nkhongo, akuwayeserera pa beseni. Atafika ndi pepala lake la zotsatira za mayeso anapeza bolodi ili mbee. Aphunzitsi anali atamwalira dzulo lake.

Pa maliro, ophunzira anadutsa pa bokosi mmodzimmodzi, n'kuona nkhalamba ya nkhope yofatsa, ya tindevu toyera, yosadziwika kwa aliyense. A mlonda anatsamira kwa mayi n'kunong'ona kuti, "Achemwali, talowa maliro a eni ake. Awatembenuze titsimikize."

Mayi anawaponda chala, koma naye anabisa kukamwa ndi mpango, ndipo mpaka lero sadziwa ngati misozi imene inatsika pamenepo inali ya phwete.

Pano kalasiyo ili ndi mphunzitsi wachitsikana. Amayang'ana anthu m'maso, amamwetulira, amabwereza katatu, zonse za m'kalata muja. A mlonda amaliza mkonono mpaka belu, palibe owatchula. Mawu olalata aja mayi akadali nawo pakhosi, asowa owapatsa. Akaweruka amadutsa dala pawindo la chipindacho, akununkhira sopo ngati kale, ndipo amayenda pang'onopang'ono. Koma masiku ano, kuti munthu adziwike m'menemo, mpaka amuone.