Mwana Wovomera Matenda Onse

Abale, pali uchitsiru wina wochita kuphunzira kusukulu, ndipo ine ndinaukhoza bwino. Nkhondo itangotha, nditamaliza kurusu ya unamwino ku Tete, ananditumiza pa kachipatala kena kufupi ndi Zobwe, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu. Ndinafika ndi mkanjo woyera mbee, mapewa m'mwamba, aliyense ndikumuona ngati mbuli.

M'mawa wina kunabwera mayi ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Rozita. Mayiwo atangoti, "A enifermero, mwanayu dzulo kumunda..." ine ndinawadula.

"Wodwala ndinu, mayi? Khalani chete. Ku Tete anatiphunzitsa kufunsa wodwala mwini wake."

Ndinatenga fisha, pepala lolembapo za wodwala lija. "Rozita, mutu ukupweteka?"

"Eee."

"M'mimba?"

"Eee."

"Khosi likuuma?"

"Eee."

Kusanza eee, kutsegula m'mimba eee, kukomoka eee, mpaka fisha inadzaza ndinachita kutembenuza kuseri. Mantha anandigwira, komanso, ndisaname, ndinkanyada: sabata yoyamba yomweyi ndagwira nthenda youmitsa khosi! Mukuganiza kuti mwanayo ndinamugwirako pamphumi? Ndimugwirenso chifukwa chiyani, zonse zili pa fisha?

Ndinathamangira kumsewu mkanjo ukuuluka, n'kuimitsa kamyao, lole yopita ku Moatize, kuti itengere mwanayo kuchipatala chachikulu, motorisita woiyendetsa ndikumukalipira kuti moyo wa mwana uli m'manja mwake. Mayi aja anayamba kulira ngati maliro achitika kale, odwala onse anasiya mzere n'kuunjikana pakhomo.

Ndiye kunatulukira Dona Felisita, mzamba wokalamba amene ndinkawaderera kuti sukulu anangoinunkhiza. Anawerenga fisha, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, kenako ananjuta pamaso pa mwana uja.

"Rozita, uli ndi zidzukulu?"

"Eee."

"Unamwalira chaka chatha?"

"Eee," maso pansi, manja kumbuyo, ulemu wonse.

Mayo ine! Anthu anaseka mpaka ena kugwira khoma, ngakhale otsokomola anaiwala chifuwa.

"Sinyoro, mwanayu analeredwa bwino," anatero Dona. "Akutsutseni inu, ndi zoyera zanuzi? Mayi, tanenani zija mumanena."

"Ndimati dzulo kumunda anadzilowetsa njere ya chimanga m'mphuno."

Basi! Dona anatseka mphuno inayo ndi chala, nauza mwana kuti amine mwamphamvu. Njere ija inauluka n'kudzatera pa fisha yanga, pakati penipeni pa matenda asanu ndi anayi. Manyazi amene ndinachita, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Motorisita uja, amene anali atazimitsa injini kudikira wodwala wanga, anasuzumira pakhomo.

"A dotolo, ndichedwa. Njereyo ikhala kutsogolo kapena kumbuyo?"

Ndinalumbira tsiku lomwelo. Mayi akatsegula pakamwa, ine panga ndimatseka. Mwana ndimangomufunsa dzina, ndipo nalonso ndimayamba ndatsimikiza kwa amayi ake.