A Khanda Sanawotche Suti ya Aloya

A Khanda ankakhulupirira chilichonse chotuluka m'kamwa mwa munthu. Mukanawauza kuti dzuwa lapita kutchuthi, akanangokufunsani kuti libwera liti, adziwe tsiku loyanika mabulangete. Anali bambo wa imvi mutu wonse, zaka makumi atatu akusita zovala pamalo pathu pochapira, koma dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mlongo wawo yekha. Ife tonse tinkangoti a Khanda, iwo n'kumayankha akumwetulira.

Ine ndimakhala pakauntala. Ntchito yanga ndi kulandira zovala, kupisa m'matumba, ndi kusokerera kansalu ka nambala mkati mwa kolala kuti za eni ake zisasokonekere. Pamalo pamenepo palibe chimene chimandidutsa, choncho ndinkamva onse mmene ankawanenera. Amayi ochapa ankati ndi ogona. Dalaivala wathu ankati bulutu. Makasitomala aulemu ankatsitsa mawu n'kuti, "Bambo ajatu ndi osachangamuka pang'ono, eti?" Ena ankati mwana wadzana, ena wotsalira, ena osazungulira n'komwe, chitsiru basi. Ine ndinkaseka nawo, sindingakane.

Tsiku lina dalaivala anawatuma kukagula mahang'ala a anthu amanzere. Ananyamuka m'mawa, anabwera dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'maondo.

"Ndalowa masitolo asanu ndi awiri, achimwene. Paliponse akuti anatha."

"Anatha?"

"Ee. Kaya amanzere achuluka masiku ano."

Bambo wina anabweretsa malaya oyera ali ndi zofiira zopaka milomo pakolala, n'kufotokoza kuti anagundana ndi azakhali awo pakhomo la tchalitchi. Pa tsiku lotenga kunabwera mkazi wake. A Khanda anatuluka okha kuseri, malaya ali m'manja ngati anyamula mwana.

"Mayi, tayesetsa, zachoka. Koma mukawauze azakhali aziyenda moyang'ana, kano n'kachitatu mwezi uno."

Bamboyo sitinamuonenso. Timamva kuti masiku ano amachapa yekha.

Koma pa simbi, abale, panalibe wowafika. Ankangoiyandikitsa kutsaya n'kudziwa ngati yatentha moyenera silika kapena ubweya. Mzere wa thalauza ankauwongola moti mwini wake ankachita mantha kukhala pansi. Sankadzitama ndi china chilichonse, analibe nyumba yawoyawo, analibe mkazi, koma ichi chokha ankachinena tsiku lililonse pomwa tiyi: "Zaka makumi atatu, achemwali, sindinawotchepo ngakhale kampango."

Tsopano ndikuuzeni za akapitawo athu, ndipo Mulungu andikhululukire, kungowatchula malovu amandiwawa. Munthu ameneyu analibe suti yakeyake, koma Loweruka lililonse ankaoneka kumaukwati atatchena ngati nduna. Ankavala za makasitomala, makamaka za loya wina amene anali wofanana naye thupi. Lachisanu masana akuchotsa pa hang'ala, Lolemba m'mamawa akubweza. Tonse tinkadziwa, tonse tinkatseka pakamwa, chifukwa wolemba ndi wochotsa anthu ntchito anali yemweyo. Amene anafunsa ndi a Khanda okha.

"Akapitawo, suti ya aloya ikupita kuti?"

"Kukapitidwa mphepo. Suti yodula ikakhalitsa m'nyumba imabanika, imafuna munthu woiyendetsa."

"Oo! Ndiye mumavutikatu inu, ndi Loweruka lomwe kugwira ntchito."

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ankailandira ndi manja awiri, kuisita bwinobwino, n'kuwathokoza akapitawo chifukwa cha kudzipereka.

Lolemba lina suti yotuwa ya aloya inabwera ndi kabowo pamkono, kozungulira, m'mbali mwake mwakuda bii. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti simbi ikawotcha imasiya chithunzi chake, chosongoka kutsogolo. Kabowo kozungulira n'ka ndudu. A Khanda sanasutepo chibadwire, pamene akapitawo ankafuka ngati ng'anjo.

Aloya atakalipa, kunabwera abwana, eni malowo, munthu amene timamuona kamodzi pamwezi ndipo simbi sanaigwirepo. Akapitawo sanachedwe kuloza chala.

"Ndi mdala uyu, bwana. Manja ayamba kunjenjemera."

A Khanda anatenga mkono wa jekete, anauyang'ana nthawi yaitali. Maso awo ankaona kuti si simbi, koma m'mutu mwawo munalibe malo oikamo zoti munthu wamkulu angayime pamaso pa anzake n'kunama.

"Sindikukumbukira," anatero. "Koma ngati akapitawo akutero, ndiye kuti ndinawotchadi. Pepani, bwana."

Abwana anatembenukira kwa ine. "Inu apakauntala, mukudziwapo kanthu?"

Ndili ndi ana atatu. Ndinayang'ana pansi, ndinati sindikudziwa.

Anawachotsa tsiku lomwelo. A Khanda anapukuta simbi, anakulunga chingwe chake, n'kutsanzika aliyense pomugwira chanza, ndi akapitawo omwe. Patatha miyezi isanu anamwalira kwa mlongo wawo. Nditapita kukapepesa, mlongoyo anandiuza kuti ngakhale malaya awo omwe anali atasiya kusita, ankati manja awo ndi osadalirikanso. Ndinatuluka m'nyumbamo mtima ukuwira, ndipo ndisanafike pamsewu ndinali nditadziwa kale chochita.

Sabata imeneyo suti yakuda ya aloya inali pa hang'ala. Ndinauza akapitawo kuti aloya apita ulendo, abwera sabata yamawa. Ndinanama, ndipo sindilapa. Kenako ndinaimbira aloya kuti munthu amene wawasitira zaka makumi awiri tikumuika mawa, koma pepani, suti yanu yakuda sinaume. Abwana ndinawauza kuti abale awasungira mpando kutsogolo. Ndiye ndinasoka tinsalu tiwiri. Kamodzi mkati mwa kolala, kamene akapitawo ankakamasula nthawi zonse asanavale. Kachiwiri kunja, pakati penipeni pa msana, koyera mbee, ulusi wofiira, nambala ya aloya yolembedwa zikuluzikulu. Jekete pa hang'ala imayang'ana kutsogolo, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wotenga mobisa alibe nthawi yoitembenuza.

Kumaliro akapitawo anafika mochedwa mwadala, kuti onse awaone, poti ndiwo ankalankhula m'malo mwa ife ogwira ntchito. Anayenda pakati pa mabenchi pang'onopang'ono, dzanja pachifuwa, nkhope yachisoni yobwereka ngati sutiyo. Manong'onong'o anayambira kumbuyo n'kumawatsatira benchi ndi benchi. Aloya, amene anali atavala suti yabulauni, anavala magalasi, anavula, anavalanso.

"Ijatu ndi nambala yanga. Ijatu ndi suti yanga!"

Abwana anandiyang'ana. Ine ndinatong'ola maso mmene ankachitira a Khanda, n'kulankhula mokweza kuti ndi akwaya omwe amve.

"Musadabwe, bwana. Akuiyendetsa kuti ipitidwe mphepo. Amatero Loweruka lililonse. Yotuwa ija anaiyendetsanso, mpaka inakakumana ndi ndudu."

Woyamba kuphulika anali dalaivala. Amayi ochapa anadzifunditsa nkhope, osadziwika ngati akulira kapena akuseka. Aloya anaimirira, anatambasula dzanja, ndipo akapitawo anavula jekete pomwepo, pamaso pa bokosi la munthu amene anamunamizira. Thalauza anawalola kukavulira kunyumba, chinthu chimene ndimadandaula nacho mpaka lero. Lolemba sanabwere kuntchito. Ndikakumana nawo pamsewu ndimawapatsa moni waulemu, n'kuwafunsa ngati malaya avalawo ndi awo.

Aloya anapita kukapepesa kwa mlongo uja. Abwana anapachika chithunzi cha a Khanda pamwamba pa thebulo lositira, akumwetulira momwe muja. Wosita watsopano ndi wochangamuka kwabasi, amawotcha kawiri pamwezi ndipo nthawi zonse amapeza womunamizira. Dalaivala alibenso woti azimutuma. Pomwa tiyi timangomva masupuni. Timanamizanabe monga mwa kale, koma bodza silikomanso, poti palibe wolilandira ndi manja awiri. Mawu aja akuti wogona, bulutu, mwana wadzana, palibe amene amawatchulanso muno. Ochangamuka tinali ife, ndipo mwaona tinachita nako chiyani kuchangamukako.

Anthu amandiyamikira kuti ndinawabwezerera a Khanda, ine n'kumavomera. Koma chimene chimandidya n'chakuti nyumba ya mlongo wawo ili panjira yanga yopita kuntchito. Miyezi isanu yonse ija ndinkadutsa pakhomo pomwepo m'mawa ndi madzulo. Ndikanangogogoda n'kunena kuti, "A Khanda, simunawotche," sakanafunsa umboni. Akanati, "Oo! Zikomo, achemwali," n'kukatenga simbi. Munthu ameneyo ankakhulupirira chilichonse chimene wauzidwa, ndipo choona chimodzi chokha chimene ankachisowa ine sindinamuuze.